Gemu ikafika pokoma, sikirini bii!

Ndi Loweruka masana ku Rosettenville, kummwera kwa Johannesburg. M'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya landilodi, anyamata anayi apanikizana, awiri pabedi, awiri pamakireti a zakumwa. Maso onse ali pasikirini.

Mpira wa EA Sports FC wafika pokoma. Zigoli n'zofanana, nthawi yatsala pang'ono, ndipo wosewera kutsogolo watsala ndi goloboyi yekha. Amene wagwira padi wayamba kale kudzuka.

M'bokosi la kompyuta mukumveka kaphokoso kamodzi. Tha!

Sikirini bii. Mafani zii.

Onse anayi akuponya maso kudenga, chizolowezi chimene aliyense wokhala ku Joni anachitenga m'zaka za kuthimathima kwa magetsi. Babu likuyaka bwinobwino. Kafiriji ka pakona kakulirabe.

Magetsi alipo. Yathima ndi kompyuta yokha.

Asanamalize n'kudandaula komwe, mafani akuyambanso kuzungulira, chizindikiro cha Windows chikutulukira. Makina adzuka okha. Chigoli chija chapita.

"Achimwene, makina anuwa ali ndi kaduka," akutero amene amafuna kugoletsa uja, uku akuponya padi pabedi.

Mwini kompyuta akuseka nawo, koma kuseka kwake n'kwa pakamwa pokha. Ndi mnyamata wa ku Mangochi, amagwira ntchito yoperekera zakudya mu lesitilanti ina ku Sandton. Anasunga matipi miyezi yambiri kuti agule makinawa kwa munthu amene anamupeza pa Facebook. Anakapatsirana pamalo oimika magalimoto, ndalama pamanja, lisiti palibe.

Chimene chimamuzunguza mutu n'chakuti kompyutayo sivuta tsiku lonse. Mafilimu imaonetsa, YouTube imayenda, ndipo Lamlungu amacheza ndi amayi ake pavidiyo mpaka bandulo ya kumudziko itatha. Koma akangoyatsa gemu yolemera, makamaka Call of Duty, sidutsa mphindi 20.

Analowetsanso Windows mwatsopano. Sizinathandize. Mnzake anati ndi vairasi, iye n'kugula pulogalamu yothana ndi mavairasi. Wina anati RAM yachepa, n'kukawonjezera. Panopa ena akumuuza kuti graphics card yatha, agule ina, chonsecho chipangizo chimenechi ndiye chodula kuposa zonse m'bokosimo.

Ndalama zikungolowa m'madzi. Vuto lili pomwepo.

Chigayo chimadziwika pothira chimanga

Nkhani ya mnyamatayu si yachilendo kwa amisiri okonza makompyuta m'timashopu ta ku Fordsburg, Mayfair ndi m'kati mwa tauni. Johannesburg ndi mzinda wa osewera magemu. Kuno n'kumene kumachitikira chionetsero cha rAge, chimene kwa zaka zambiri chinkadzaza Dome ya ku Northgate, anthu atanyamula makompyuta awo kunyumba kudzapikisana usana ndi usiku. Makina amene osewera otere amasiya akagula atsopano sapita kudzala. Amatsikira pamsika wa kaunjika, ndipo kumeneko n'kumene Amalawi ambiri amawapeza.

Si onse amagula kuti azingosewera. Ena amakonzerapo mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe, ena nyimbo. Ena akusonkhanitsa katundu pang'onopang'ono kuti akatsegule kashopu ka magemu ku Ndirande kapena ku Mchesi. Onsewa amafuna makina amphamvu, ndipo makina amphamvu amadya magetsi.

Aliyense amene anaimapo pamzere kuchigayo amadziwa kuti injini imalira bwino m'chigayomo mukakhala mulibe kanthu. Mphamvu zake zenizeni zimaoneka akathira chimanga. Kompyuta nayo n'chimodzimodzi. Ikamaonetsa filimu imakhala ikuyenda yopanda katundu, ndipo nthawi zambiri sifika n'komwe mawati 100. Gemu ikayamba, purosesa ndi graphics card zimadzuka pamodzi, zonse zanjala.

Khadi la RTX 3070, limene kampani ya Nvidia inatulutsa mu 2020 ndipo ndi limene lili m'bokosi la mnyamatayu, limakoka mawati 220 palokha. Mkulu wake, RTX 3080, amakoka 320, ndipo eni akewo amalangiza kuti likhale ndi power supply, chipangizo chogawa magetsi m'bokosimo, ya mawati 750. Mukawonjezera purosesa, mafani ndi zina zonse, makina amene amangoyenda mwakachetechete aja amalumpha kufika mawati 400 kapena 500.

Kukwera kwakenso si kwaulemu. Makhadi amakonowa amatha kutsompha mphamvu yochuluka kwambiri m'kanthawi kosakwana kuphethira kwa diso, kenako n'kubwerera pamlingo wake. Vutoli linakula mpaka mu 2022 kampani ya Intel inatulutsa muyezo watsopano, ATX 3.0, wofuna kuti ma power supply akuluakulu azipirira kuwirikiza kawiri kwa mphamvu yolembedwa pambali pawo, ngakhale kwa gawo limodzi mwa magawo 10,000 a sekondi.

Power supply yakale, yotopa kapena yachinyengo sipirira zimenezo. Ina imaona ngati penapake mawaya agundana, ndiye imadula magetsi kuti iteteze makina. Ina imangofooka, mavolti n'kugwa. Zotsatira zake n'zimodzi.

Imafa bwanji?

Lolemba m'mawa tikuliperekeza bokosi lija patakisi kupita ku Fordsburg, litakulungidwa m'bulangete. Kashopu kake kali m'kanjira kena kufupi ndi Oriental Plaza, pakati pa telala ndi wogulitsa makava a foni. Mmisiri wake ndi bambo wa ku Kasungu amene anayamba ndi mawailesi ndi ma TV kumudzi asanabwere kuno.

Sakuthamangira sikuludiraiva. Akuyamba ndi mafunso.

Akufuna kudziwa mmene imafera. Kodi sikirini imasanduka yabuluu n'kulemba mawu? Kodi chithunzi chimauma, phokoso n'kumangobwereza pamodzimodzi? Kodi imatseka ndi gemu yokha, Windows n'kutsala? Kapena zonse zimangoduka kamodzin'kamodzi?

Pamafunso amenewa ndi pamene pagona nkhani. Sikirini yabuluu imasonyeza kuti Windows inaliona vutolo n'kupeza mpata wolilemba, ndipo kawirikawiri mlandu umakhala wa madiraiva, RAM kapena disiki. Gemu yotseka yokha imaloza kugemuyo kapena kudiraiva ya khadi. Koma kuduka kwadzidzidzi, kopanda uthenga uliwonse, kumaloza kumagetsi kapena kukutentha.

Pali kamsampha kamodzi. Windows imabwera itatcheredwa kuti ikagwa izidziyatsanso yokha, moti sikirini yabuluu imatha kudutsa munthu osaiona. Mmisiriyu akulowa pa Startup and Recovery n'kuchotsa kachizindikiro ka pa Automatically restart, kuti makina akagwanso aime pomwepo, uthenga uwerengeke.

Kenako akutsegula Event Viewer, kaundula amene Windows imalembamo zochitika zake. Mizere yofiira yandandalikana, yonse yofanana: Kernel-Power, nambala 41.

Mnyamata uja akuti mzere umenewu anauona kale, ndipo wakhala akugona mochedwa poufufuza pa intaneti. Bamboyo akupukusa mutu. Akuti 41 wasocheretsa anthu ambiri chifukwa sanena chimene chavuta. Amangonena kuti kompyuta inathima isanatsanzike. Ngakhale mutazula pulagi mwadala, Windows ilemba nambala yomweyo.

"Mphwanga, apa yangotiuza kuti inakomoka. Chimene chinaikomola tichipeze tokha," akutero.

Chitseko cha m'mbali chikutseguka. Fumbi lofiirira lamatirira kumafani, ndipo timipata ta chitsulo choziziritsira purosesa tatsekeka. Akutuluka nalo panja bokosilo, akulipemerera ndi kamakina kopopa mpweya, chala chimodzi chitagwira fani kuti isazungulire mopitirira. Akumasula choziziritsiracho. Thermal paste, timafuta totuwa timene timakhala pakati pa chitsulo ndi purosesa, tauma mpaka kung'aluka. Akupukuta, akupaka kadontho katsopano pakati, n'kumanganso.

Tsopano kuyesa. Lamulo lake n'limodzi: kusintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Ukasintha zitatu pamodzi vuto n'kutha, sudziwa chimene chinali chowonongeka, ndipo ziwirizo wazigula pachabe.

Akuyatsa HWiNFO, pulogalamu yoonetsa kutentha kwa chipangizo chilichonse ndi mphamvu zimene chikukoka. Akuyamba ndi Prime95, imene imasenzetsa purosesa yokha masamu olemera. Kutentha kukukwera, kukukaima chapakati pa madigiri 70 ndi 80. Mapurosesa amakono ambiri amayamba kudzibweza okha liwiro akafika madigiri 95 kapena 100, choncho apa palibe chodetsa nkhawa.

Akuiimitsa, akuyatsa FurMark, imene imafinya khadi lokha. Mafani akukuwa, koma makina ali chilili.

Kenako akuyatsa zonse ziwiri pamodzi.

Mphindi ziwiri sizinakwane. Mdima.

Bamboyo sakunena kanthu. Akumasula masikuluwu anayi kumbuyo kwa bokosi, akusolola power supply n'kuiika m'manja mwa mwini wake. N'njopepuka modabwitsa. Pambali pamatidwa chipepala cholembedwa 700W m'zilembo zikuluzikulu, koma dzina la kampani yake palibe analimvapo m'shopumo. M'munsi mwake, m'tizilembo tofuna magalasi, mukuoneka kuti mzere wa mavolti 12, umene umadyetsa purosesa ndi khadi, umapereka mphamvu yocheperatu. Nambala yaikuluyo anaipeza pophatikiza mizere yonse, ndi imene makina amakono saidalira yomwe.

Akulumikiza power supply yake yoyesera, imene imakhala pashelefu podikira tsiku ngati ili. Akubwereza mayeso aja. Ola likutha, makina ali moyo.

Khadi linalibe mlandu. RAM yowonjezera ija inalibe ntchito.

N'zopweteka, koma n'zosadabwitsa. Wogulitsa makina akale amadziwa zimene wogula amafunsa: khadi lanji, purosesa yanji, RAM yochuluka bwanji. Za power supply palibe amafunsa. Ndiye yabwinoyo imachotsedwa n'kupita m'makina atsopano a mwini wake, m'malomo n'kulowa iliyonse imene ingakwane pabowopo.

Mnyamata wa ku Mangochi akutuluka m'shopumo ndi power supply ya mawati 650 ya kampani yodziwika, waranti yake ndi lisiti zili m'thumba. Ndalama yake sinafike n'komwe theka la mtengo wa khadi limene ankafuna kugula.

Asanapite, mmisiri akumupatsa malangizo awiri. Khadi lokhala ndi malo awiri olumikizira magetsi lipatsidwe mawaya awiri osiyana ochokera ku power supply, osati waya umodzi wa mphanda. Ndipo yakufayo asakaitsegule kuti aone zam'kati. Muli zosungira magetsi zimene zimatha kumenya munthu ngakhale pulagi itazulidwa kale.

Yochira kushopu, yodwala kunyumba

Pali makina ena amene amachititsa amisiri manyazi. Pabenchi ya kushopu amayenda tsiku lonse. Akabwerera kunyumba, usiku womwewo athima.

Apo vuto silili m'bokosi. Lili kukhoma.

Tizipinda ta kuseri timene Amalawi ambiri amachita lendi ku Rosettenville, Turffontein, Cosmo City kapena Diepsloot sitinamangidwe pamodzi ndi nyumba yaikulu. Tinabwera pambuyo, ndipo magetsi ake nthawi zambiri amadzera m'waya umodzi wochokera m'nyumbamo, wodutsa pawindo kapena pamwamba pa mpanda. Waya womwewo ukudyetsa mabanja atatu kapena anayi. M'chipinda umathera pa ekisitenshoni, pa ekisitenshonipo pali adaputa, pa adaputapo pali inzake.

Madzulo anthu akaweruka, ketulo ikuwira uku, mbaula ya magetsi ikuphika nsima uko. Mu Juni ndi Julayi, pamene chisanu cha kuno chimaumitsa madzi osiyidwa panja m'beseni, hita nayo yayaka. Ketulo yokha imakoka mawati pafupifupi 2,000. Nthawi yomweyo ndi imene wosewera wakhala pansi kuti apumuleko ndi gemu yake.

Magetsi a ku South Africa ndi a mavolti 230, ofanana ndi a kwathu, ndipo malamulo amalola kuti akwere kapena kutsika ndi 10 peresenti. Waya wautali, wowonda ndi wolemedwa umawatsitsa kuposa pamenepo. Power supply yabwino, yolembedwa 100–240V, imapirira. Zotchipa zambiri zimafuna mavolti 200 kupita m'mwamba.

Choipitsitsa ndi pulagi yogwedera. Magetsi akaduka n'kubwerera, power supply imatha kugwiriza makina kwa gawo limodzi lokha mwa magawo 60 a sekondi. Babu simuliona n'komwe likuphethira, koma kompyuta yagwa kale.

Zizindikiro zake sizibisika. Ngati makina amathima firiji ikamadzuka, kapena oyandikana nawo akayatsa ketulo, kapena nthawi ya chakudya chamadzulo yokha, musagule chipangizo chilichonse. Nyamulani bokosilo mukaliyese kwa mnzanu amene ali ndi soketi yeniyeni ya pakhoma. Khudzaninso pulagi mutasewera kwa ola. Ikakhala yotentha, kapena pulasitiki yake yayamba kupserera, nkhani yachoka pa gemu. Umenewo ndi moto ukubwera.

Palinso zipsera za zaka zapitazi. Kampani ya Eskom inayamba kuthimitsa magetsi mosinthana madera mu 2007, koma chaka chowawa kwambiri chinali 2023, pamene kuthimitsaku kunachitika masiku oposa 300. Kuthimitsaku kukafika pa mlingo wotchedwa Stage 6, magetsi ankapita kangapo patsiku, maola ambirimbiri. Pa 26 Malichi 2024 kuthimitsa kunaima, ndipo dziko linapuma miyezi 10. Koma zipangizo zimene zinadutsa m'nyengoyo sizinabwerere mwakale. Magetsi akamabwerera amatha kubwera ndi mphamvu yopitirira, ndipo power supply imene yalandira nkhonya zotere mazanamazana imafooka pang'onopang'ono. Lero ili pa Facebook, yopukutidwa bwino.

Ndipo sikuti magetsi anasiya kuthima ku Joni. Mbava zimaba mawaya a City Power, kampani ya magetsi ya mzindawu, masiteshoni akale amapsa, ndipo m'madera ena odzaza anthu magetsi amathimitsidwabe m'mawa ndi madzulo pofuna kuteteza matiransifoma.

Ambiri anagula ma UPS ndi mainveta m'zaka zimenezo, ndipo ena anadzigulira vuto latsopano. UPS yaing'ono imene imapezeka paliponse, yolembedwa 650VA, imapereka mawati osakwana 400. Inapangidwira kompyuta ya muofesi. Mukaisenzetsa makina a magemu imalira, imadula, mwini wake n'kumaloza chala kompyuta. Mainveta ena otchipa amatulutsa magetsi osasalala, amene ma power supply ena amakono sagwirizana nawo. Pogula funsani ya pure sine wave, ndipo muwerenge mawati, osati VA.

Mzinda wa pamwamba

Chimene alendo ambiri sachiganizira ndi malo pamene mzindawu unakhala. Johannesburg ili mamita pafupifupi 1,750 pamwamba pa nyanja yamchere. Ndi kumtunda kuposa Dedza boma, kumene kwathu timati ndiye kuphiri. Lilongwe ndi Blantyre zangopitirira pang'ono mamita 1,000.

Kumtunda kotere mpweya umapepuka, pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo 6 poyerekeza ndi ku Durban. Fani imazungulira chimodzimodzi, koma mpweya umene ikukankha umanyamula kutentha kochepa. Pakokha kusiyanaku sikugwetsa kompyuta. Koma wonjezeranipo fumbi la mu Ogasiti, pamene mphepo imauluza mchenga wa pamilu ya migodi ya golide kummwera kwa mzinda. Wonjezeraninso denga la malata mu Disembala, bokosi litapanikizidwa pakati pa bedi ndi khoma. Zakwana.

Ndiye pali mphenzi. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi mvula ya kuno imakonda kubwera masana, ndi ziphaliwali zosaseketsa. Ekisitenshoni yolembedwa kuti imateteza ku magetsi okwera imathandiza pa zing'onozing'ono, koma mphenzi ikagwa pafupi siona kanthu. Amene anapsetsapo katundu amazula pulagi kumwamba kukangoyamba kuda.

Sikuti nthawi zonse wolakwa ndi magetsi. RAM yothamangitsidwa ndi XMP mu BIOS imatha kugwetsa makina, ndipo kuyesa kwake n'kwaulere: kuibweza paliwiro lake wamba, kapena kuisiya usiku wonse pa MemTest86. Madiraiva a khadi osokonekera amachotsedwa ndi pulogalamu ya DDU n'kulowetsa atsopano. Khadi lolemera limathanso kusuntha pang'ono pamalo pake, n'kungofunika kulizula ndi kulibwezera.

Nthawi zina wolakwa ndi wopanga. Mu Julayi 2024 Intel inavomereza kuti mapurosesa ake ena a m'badwo wa 13 ndi 14 ankapempha mavolti opitirira muyezo, zimene zinkagwetsa magemu ndi kuwononga purosesayo pang'onopang'ono. Inatulutsa zokonza zolowera mu BIOS, n'kuwonjezera zaka ziwiri pa waranti. Koma purosesa imene inawonongeka kale sichira ndi BIOS yatsopano. Wogula Core i7 kapena i9 ya m'badwo umenewu pakaunjika afunse lisiti loyambirira.

Lisiti. Apa m'pamene Amalawi ambiri amagwera.

Lamulo loteteza ogula la ku South Africa, Consumer Protection Act ya 2008, limapatsa wogula miyezi 6. Katundu akapezeka ndi vuto m'nthawiyo, gawo 56 likuti wosankha ndi wogulayo: amukonzere, amusinthire kapena amubwezere ndalama. Gawo 57 limaika miyezi itatu pa ntchito yokonza ndi zipangizo zimene mmisiri waikamo. Lamuloli silifunsa kuti munabadwira kuti. Limagwiranso mashopu ogulitsa zakale, pokhapokha ngati vutolo anakuuzani musanalipire.

Koma silifika kwa munthu wamba amene wangogulitsa kompyuta yake pamalo oimika magalimoto. Ameneyo mukasiyana naye, nambala yake imasiya kupezeka.

Ngakhale pamene lamulo lili kumbali yawo, abale athu ambiri sabwerera kukadandaula. Wina mapepala ake sali bwino, ndiye amapewa chilichonse chofuna kulembetsa dzina. Wina amagwira ntchito masiku 6 pa sabata, tsiku lotsalalo n'lochapa ndi kupemphera. Amangoti zagwa zatha, n'kuyambanso kusunga ndalama.

Pamsika wa kaunjika uja palinso makhadi amene anagwirapo ntchito yokumba ndalama za pa intaneti. Imodzi mwa ndalamazi, Ethereum, itasintha kachitidwe kake mu Sepitembala 2022, makhadi ambirimbiri amene ankayaka usana ndi usiku anatsala opanda ntchito n'kukhuthulidwa pamsika dziko lonse lapansi. Ambiri akadali abwino. Ena mafani anatha, ndipo zoziziritsa zam'kati zinauma. Wogulitsa woona mtima savuta kumuzindikira. Amalola kuti makina ayatsidwe, FurMark iyende mphindi 15 wogula akuona ndi maso ake. Wokana zimenezo, kapena woti ali ndi changu, m'thaweni.

Ulendo wa kumudzi

Makina ambiri otere sathera ku Joni. Disembala akayandikira amapakidwa pamodzi ndi mafiriji ndi masofa, n'kuperekedwa kwa matiransipota kapena kukwezedwa basi pa Park Station. Msewu wake ndi wautali: Beitbridge, Harare, Nyamapanda, mlatho wa pa Tete, kenako Mwanza kapena Dedza.

Khadi lamakono limatha kulemera kilogalamu imodzi kapena kuposa, chonsecho limangogwira pa kampata kamodzi ka motherboard ndi masikuluwu awiri. Maenje a mumsewu amaligwedeza usana ndi usiku. Likafika ku Limbe litathyola kampatako, wolandira katundu amakangana ndi wotumiza, wotumiza amakangana ndi tiransipota. Amene anazionapo amazula khadi asanapake, n'kulikulunga padera m'kathumba kake. Choziziritsira purosesa chikakhala chachikulu, nacho chimayenda pachokha.

Kumudzi kukudikira mayeso ena. Mavolti ndi omwewo, koma pulagi ya ku South Africa ya mapini ozungulira silowa m'soketi ya kwathu ya makona. Anthu amathamangira adaputa ya pamsika, yogwedera, ndipo vuto lija limakabadwanso ku Bangwe. Chanzeru n'kugula waya wina wa pulagi ya kwathu, wa mtundu uja wa ketulo, umene umalowa kumbuyo kwa power supply.

Ku Mangochi ndi ku Nsanje mpweya ndi wolemera kuposa wa ku Joni, koma kutentha kwa mu Okutobala kumalanda phindu lonselo. Ndipo ESCOM ikathimitsa, kajenereta kaja koyatsira mababu ndi kutchajira mafoni sikangakoke makina a mawati 500. Pamafunika jenereta yaikulupo, yokhala ndi chowongolera mavolti.

Woti akatsegule kashopu ka makina anayi awerengere mawati 2,000, masikirini asanalowemo. Ayambe wakumana ndi mmisiri wa magetsi asanagule mipando.